Magalasi m'Thumba la Mchere

Laurinda wa ku Majaua, ku Mozambique, ankadziwika ndi mchere. Nkhondo itafika ku Milange, masitolo atapsa, iye ankaoloka mtsinje wa Ruo kukatenga mchere ku Malawi n'kumadzasinthanitsa ndi nyemba. Anali mayi wolongolola, wosagonja pa mkangano, koma mfuti ikalira ankachita mantha ngati wina aliyense. Mwamuna wake Germano anaponda bomba akupita kumunda, n'kumusiyira munda wa chinangwa ndi mwana mmodzi, Josefina.

Mwanayo ng'ala inamuyamba ali ndi zaka zinayi. Laurinda anamudonthezera m'maso mkaka wa m'mawere, anafinyiramo masamba, koma maso anangoyererabe. Chimene chinkamuzunguza mutu Laurinda chinali pothawa. Mudzi ukabalalika, ana ena ankalowa m'tchire ngati nkhwali, koma Josefina ankaima pabwalo, manja ali kutsogolo, kuitana amayi ake mokuwa. Anansi anayamba kunong'onezana kuti mwana ameneyu adzatiphetsa.

Tsiku lina pa msika wa Muloza, Laurinda anamva kuti pa chipatala cha mishoni pabwera dokotala wa maso a ana. Ulendo wotsatira anabereka mwana m'malo mwa nyemba.

Dokotalayo anachotsa ng'ala m'maso onse awiri. Mabala atapola, anamuveka Josefina magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Mwanayo anayang'ana amayi ake nthawi yaitali, kenako anaseka.

"Amayi, muli ndi mpata m'mano!"

"Mayi, magalasi awa azivala tsiku lililonse," anatero dokotala. "Maso a mwana akadali ophunzira. Mukawabisira kuwala, aiwala kuona, ndipo ine sindidzathanso kuwakumbutsa."

Laurinda anavomera ndi mutu. Dokotalayo sankadziwa za kwawo. Kumeneko anthu a mfuti a m'tchire akaona magalasi ankati uyu ndi wophunzira, munthu wa boma. Aphunzitsi a m'mudzi mwawo, a Olímpio, anthuwo anawatulutsa pagulu chifukwa cha magalasi awo, ndipo Laurinda anaona ndi maso ake zimene zinatsatira. Nanga mwana wovala magalasi a ku Malawi, anthuwo akafunsa kuti bambo ake ndani, Laurinda adzayankha chiyani choti amukhulupirire?

Anafika pa Ruo dzuwa lili paliwombo. Kutsidya kunali zii, utsi ukufuka chakumapiri. Laurinda anatula thumba, anamuvula mwana magalasi, n'kuwakwirira pakati pa mchere. Anamanga thumbalo kawiri.

"Uzivala tikakhala awiri m'nyumba," anatero. "Wamva? Usauze munthu."

Josefina sanalire. Anangotambasula manja kutsogolo, monga ankachitira pabwalo paja, n'kumapapasa mphepo.

"Amayi, mwapitanso?"

Laurinda anayang'ana kutsidya. Chinangwa chake chinali chitakhwima, ndipo manda a Germano anali asanalambulidwe chaka chimenecho. Anachita mantha kubwerera kwawo, anachitanso mantha kukhala mlendo wopanda khasu m'dziko la eni. Anamasula thumba, anapukuta mchere pa magalasi ndi nsonga ya nsalu yake, n'kumuveka mwana.

Analembetsa ku msasa wa othawa nkhondo tsiku lomwelo, ndipo sanaolokenso Ruo mpaka mfuti zitaleka. Atabwerera ku Majaua, tchire linali litameza zonse, iye osadziwanso pamene anaika mwamuna wake. Amene anaona kamtanda kakugwa m'udzu anali Josefina.