Zitsulo za m'mawindo ku Chalimbana

Nyumba ya aneba athu ku Chalimbana inapsa masana, dzuwa lili pamutu. Mayi wa m'nyumbamo anali atakhomera ana ake awiri m'kati popita kukagulitsa tomato kumsewu, monga tinkachitira tonsefe, koma mbaula inali isanazime. Tinathamangirako ndi ndowa za madzi. Chitseko chinali chachitsulo, ndipo mawindo onse anali ndi zitsulo zowotcherera zoletsa akuba. Ndinapisa mkono pakati pa zitsulozo n'kugwira dzanja la mwana wamkuluyo mpaka linalefuka.

Maliro a ana awiriwo atatha, azimayi tinayenda khomo ndi khomo, m'matchalitchi ndi pachigayo pomwe. Tinkapempha lamulo limodzi lokha, lakuti nyumba iliyonse ya lendi ikhale ndi windo limodzi la zitsulo zotseguka. Komiti ya dera lathu inavomera, ndipo ine ndinadula zanga ndi sowo tsiku lomwelo.

Eni nyumba ena anakadandaula kwa akuluakulu. Kunabwera bambo wina wa tayi, natisonkhanitsa pabwalo la sukulu. "Amayi, nimvela chisoni," anatero, "koma malamulo ya manyumba yachokela kumwamba. Komiti yanu siingaike yake." Mayi wa ana aja anali pomwepo.

Posakhalitsa mwini nyumba yathu anabwera ndi wowotcherera, zitsulo zinabwerera pawindo. Ndikukhalabe momwemo ndi ana anga. Ndikamapita kumsika sindikhoma chitseko. Akuba analowapo kale, anatenga wailesi ndi mabulangete. Atenge.