Chikhomo Chofiira Kumunsi kwa Munda Wathu

Anthu a msewu anafika ndili mu Sitandade 7, nthawi yotola thonje. Ankayeza mphamvu ya dothi asanathire phula, ndipo paliponse pofuna kuyeza ankakhomapo chikhomo chofiira. China anachikhoma kumunsi kwa munda wathu, kufupi ndi Ngabu, m'mphepete mwa khwawa.

Pamenepo ndi pamene panagona mng'ono wanga. Anamwalira asanatuluke m'chikuta, ndiye sanapite kumanda. Mwana wotere amakamuika azimayi okhaokha, pamalo ponyowa, m'dzenje losazama, popanda mtumbira. Mlendo sangadziwe. Amayi ankangolambalala malowo polima.

Iwo ankalankhula Chisena, Chichewa chawo chinali chodukaduka, choncho anatuma ine, amene ngakhale m'kalasi sindinkakweza dzanja.

"Bambo," ndinatero kwa kapitawo wa anthu a msewuwo, "amayi akupempha kuti musendeze chikhomochi pang'ono. Pali mwana pansipa."

"Mwana? Mtanda wake uli kuti? Iwe mtsikana, manda a m'khwawa unawaonapo kuti?" Anzake anaseka.

Wapampando wa chipani m'mudzi mwathu anali pomwepo. Mkazi wake anali nawo poika mwanayo. Koma anangoti, "Mayi, chitukuko sachikana. Mukufuna atchule dzina lanu kuti ndinu woukira?"

Anthu a msewu aja anaimika chitsulo chachitali chosongoka, n'kumachimenya ndi chinyundo chotsetsereka, wina akuyang'ana mmene chikulowera. Gu! Gu! Chinalowa ngati m'phala. Amayi ankangoti "nkhabe, nkhabe" chapansipansi, kukana m'Chisena chawo, poti mwana wotere samulira mokweza. Ine ndinaluma kolala ya yunifolomu mpaka kuiboola.

"Makande achabechabe awa," anatero kapitawo akupukuta chitsulo ndi udzu. "Tikokolola lonseli, tithire dothi lamiyala. Katapila yokumbira ibwera Lolemba."

Achabechabe! Munda wonsewo unali makande okhaokha. Kuyeza pambali pang'ono kukanawachotsera chiyani?

Loweruka amayi ndi azakhali anapita ndi makasu kukamuchotsa mwanayo. Ine anandikaniza, poti ndinali ndisanabereke. Ndinaima patali m'thonje ndi kuwaona akunyamula kanthu kochepa m'chitenje. Kumene anakamuika sanandiuze. Azakhali anadzandinong'oneza pambuyo pake kuti kamphasa kamene anamukulungiramo kanali ndi chiboo pakati.

Tsiku lotsegulira msewu, sukulu yathu inapita kukaimbira akuluakulu. Anandiimika pamzere wakutsogolo, koma sindinaimbe. Aphunzitsi ananditsina khutu, kenako anandikwapula m'miyendo kuseri kwa lole. Sindinatsegule pakamwa.