A Yakobe ndi Matayala a Mlamu Wawo

A Goodwell Yakobe anabadwira ku Mchinji, pafupi ndi msewu wopita kumalire a dziko la Zambia. Ntchito ya matayala anaiphunzira mumzinda wa Lilongwe, pa shopu ya amalume awo, kumene anakhala zaka zambiri akumata machubu a njinga za kabaza. Lero ndi bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, wamfupi, wa imvi m'mbali mwa makutu, ndipo amagwira ntchito m'galaja ya njinga zamoto ku Al Quoz, muno mu Dubai. Mkazi wawo ndi ana ali kumudzi. Zimene ndalemba pano anandifotokozera okha, ndipo anandilola kuti ndizilembe monga zinachitikira.

Anabwera kuno mu 2014, ndipo amene anawatsegulira njira ndi mlongo wawo wamng'ono, Elinah, yemwe ndi namwino, pamodzi ndi mwamuna wake, a Kalaba Lumbani. A Lumbani kwawo ndi ku Chipata, anakulira ku Lusaka, ndipo anali injiniya wokonza ndege. Iwo ndiwo anafunafuna ntchitoyo, anakawachingamira ku bwalo la ndege, nawasunga m'nyumba mwawo ku Al Furjan miyezi itatu yathunthu. Awiriwa ankaitanana kuti alamu, ndipo monga amachitira alamu ambiri, sankatha kulankhulana popanda kusereulana.

M'galajamo a Yakobe anatchuka msanga. Anzawo a ku Pakistan amawatcha usitadi, kutanthauza mmisiri wamkulu. Makasitomala ambiri a pamenepo ndi anthu apantchito amene amakonda kukathamangitsa njinga zawo pa bwalo la mpikisano la kunja kwa mzinda, pa masiku amene bwalolo limatsegulidwira anthu wamba. Munthu wotere akabwera kudzafuna matayala, a Yakobe sathamangira kushelefu. Amayamba afunsa kuti wapitako kangati kubwaloko, amathamanga m'gulu liti, ndipo adzayamba nthawi yanji.

Chifukwa chake amachifotokoza motere. Pali matayala a pamsewu, okhala ndi mizere yambiri, amene amagwira phula ngakhale kukuzizira, koma amafewa mopitirira munthu akawathamangitsa kwambiri. Pali matayala apakati, a mizere yochepa, amene amatentha okha munthu akangozungulira bwalo kamodzi kapena kawiri. Amenewa ndiwo oyenera munthu amene akuphunzira. Ndiye pali matayala osalala, opanda mzere ndi umodzi womwe, amene amawatcha siliki. Labala wa siliki amamata phula ngati ulimbo, koma pokhapokha atatentha kwambiri. Akatswiri amawafunditsa mabulangete amagetsi kwa ola lathunthu asanalowe m'bwalo, ndipo akalowa amathamanga liwiro loti kutenthako kusachoke. Munthu wosazolowera sangafike pa liwiro limenelo. Kwa iye siliki amakhala wozizira ndi wouma, ndipo akapendeketsa njinga pokhota, tayala limachoka pansi popanda chenjezo.

Pali khalidwe lina la a Yakobe limene ndiyenera kulitchula. Analeredwa m'nyumba imene mwana sankayankha wamkulu kuti ayi. Ankati mwina, kapena tiyeni tione, ndipo womva ankadziwa yekha kuti wakanidwa. Kwa makasitomala achilendo, polankhula Chingerezi, a Yakobe anaphunzira kukana mosapita m'mbali. Koma akabwerera m'chinenero chawo, polankhula ndi munthu amene amamulemekeza, mawu amenewo sankatuluka.

Mliri utafika mu 2020, ndege zinaima, ndipo mu Julaye a Lumbani anauzidwa kuti ntchito yawo yatha. Elinah anali atasamukira m'chipinda chimene chipatala chinapatsa anamwino osamalira odwala matendawa, kuti asatengere matenda kunyumba. Ana awo awiri anali kusukulu ku Lusaka, ndipo njira yobwerera kuno inali yovuta. A Lumbani anatsala okha m'nyumba ya ku Al Furjan, munthu amene kwa zaka makumi awiri anazolowera kudzuka mbandakucha. Anasiya kumeta ndevu. Foni ankayankha patapita masiku. Bwalo la mpikisano litatsegulidwanso chakumapeto kwa chaka, anatulutsa njinga yawo yamoto, imene kale ankangoyenda nayo pamsewu Lachisanu, limene linali tsiku lopuma kuno, nalembetsa m'gulu la oyamba kumene.

Elinah anaimbira foni mchimwene wake mu Okutobala, atangotuluka m'wodi, mawu ake ali osasa.

"Achimwene, sindingawaletse. Ndi chokhacho chimene chikuwadzutsa m'mawa. Koma njinga imeneyo asaigwire munthu wina koma inu, ndipo mukaona chinthu choti chingawapweteke, mukane. Ine sindili pafupi. Ndawasiya m'manja mwanu."

A Yakobe analonjeza. Anaika matayala apakati pa njingayo, ndipo a Lumbani anapita kubwalo kanayi, nabwerako bwino maulendo onse. Ankabwera kugalaja atameta, akufotokoza za makona ngati mwana wofotokoza za mpira.

Lachitatu lina masana, mu Januwale 2021, a Lumbani anafika ndi njingayo pa galimoto yapikiapu, ndipo pambali pake panali matayala awiri a siliki. Amene anawapatsa ndi mnzawo wa kuntchito, amene anachotsedwa nawo limodzi ndipo ankagawa katundu wake pobwerera kwawo. A Yakobe anawatsitsa, nawatembenuza pakuwala. Anali ogwiritsidwa kale ntchito. M'mphepete mwake munali mtundu wobiriwira, chizindikiro chakuti labala anatenthedwa ndi kuzizira kambirimbiri mpaka mafuta ake anatha. Anakanikiza ndi chikhadabo, ndipo sichinalowe.

"Alamu," anatero a Yakobe kudzera m'masiki, "matayala awa ndi a anthu amene alibe akazi kunyumba."

"Manje ine nili naye?" anayankha a Lumbani m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Mlongo wanu anakwatiwa na chipatala. Mukanitengele ng'ombe zanga kwa atate anu."

Anaseka onse awiri. Kenako a Yakobe anafunsa za mabulangete amagetsi, ndipo a Lumbani anati mnzawo uja anapita nawo. A Yakobe anafotokoza, monga amafotokozera aliyense, kuti popanda mabulangete matayalawo sagwira, ndipo ananenanso kuti anali okalamba. Koma anazinena akumwetulira, m'mawu omwewo amene anali atangosereulira nawo, ndipo a Lumbani anazilandira ngati kupitiriza kwa nthabwala.

"Bulangete mu Dubai? Muganiza tili ku Dedza, alamu? Phula la kuno limasungunula nsapato."

A Yakobe anati zimenezo ndi za mu Ogasiti. Mu Januwale, nthawi ya m'mawa imene gulu la oyamba limalowa m'bwalo, phula limakhala lozizira moti munthu atha kugonapo. A Lumbani anati onse amene amawapitirira pokhota ali pa siliki, ndipo iwo atopa kukhala womaliza. Anawonjezera kuti munthu amene wakhala akukonza ndege zonyamula anthu mazana atatu sangalephere kusamala mawilo awiri. Ponena za ndegezo sanaseke.

Matayala apakati atsopano, a saizi yomweyo, anali pashelefu, masitepe awiri okha kuchokera pamene a Yakobe anaima. Anawayang'ana. Anandiuza kuti lonjezo lawo kwa Elinah anali kulikumbukira bwino lomwe, ndipo ankadziwa mawu amene anayenera kunena. Koma patsogolo pawo panali munthu amene anawatulutsa ku Lilongwe, amene anawagoneka m'nyumba yake, amene tsopano analibe pokagwira ntchito ndipo anali atangotchula ndege zake pamaso pa anyamata a m'galaja. Kumuuza munthu woteroyo kuti sanafike pa msinkhu wa matayala amenewo kunawalemera pakamwa.

"Zikanakhala za ine, alamu, ndikanaganiza kaye," anatero a Yakobe.

Munthu wa ku Mchinji akanamva kuti wakanidwa. A Lumbani anawamenya paphewa.

"Naganiza kale, khalas, kwatha. Ikani."

A Yakobe anawaika. Ntchitoyo anaigwira mosamala kuposa masiku onse: anayeza mawilo kawiri, anapima mpweya, anamanga nati iliyonse ndi sipanala yoyezera. Potsanzikana anawapempha kuti maulendo atatu oyamba azungulire pang'onopang'ono, osapendeketsa njinga. A Lumbani anati inshallah, Mulungu akalola, nakweza galasi la galimoto.

Lachisanu galaja simatsegulidwa m'mawa. A Yakobe anali kuchapa ovolosi kumalo kumene amagona antchito pamene foni inalira, cha m'ma leveni koloko. Anali kasitomala wina amene anali kubwaloko. Anati pa ulendo wachiwiri wozungulira bwalo, pakona yokhotera kumanja, tayala lakutsogolo la a Lumbani linatsetsereka. Sanali kuthamanga kwambiri. Anagwera paphewa, njinga inawatsatira, niwapanikiza kukhoma la matayala. Ambulansi inawatenga akupuma koma osalankhula.

Masabata amenewo matenda anali atakweranso, ndipo kuchipatala sankalola ozonda odwala. A Yakobe anapitabe, naima panja pa geti mpaka mlonda anawapempha kuti achoke. Elinah nayenso sanaloledwe kulowa nthawi yomweyo, popeza ankachokera m'wodi ya odwala matendawa. Anayenera kuyezedwa ndi kudikira. Nkhani inkafika pang'onopang'ono. Fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo madokotala analilumikiza ndi zitsulo. Koma mitsempha yochokera m'khosi kupita kudzanja lamanja inaduka, ndipo dzanjalo silinkamva kanthu, ngakhale kulibaya ndi singano.

Loweruka njingayo anaibweretsa kugalaja. A Yakobe anagwada pafupi ndi wilo lakutsogolo. Siliki amene watentha bwino amakhala wokhakhala m'mbali, ndi timibulu ta labala wosungunuka. Limeneli linali losalala monga analiikira Lachitatu. Anaiphimba njingayo ndi lona, nagwira ntchito zina za tsikulo.

Patapita masiku asanu ndi anayi Elinah anaimba foni. Kunali masana, ndipo a Yakobe anatuluka panja kuti amve bwino, pakuti makina a mpweya ankasokosa. Elinah anati wawaona amuna ake ndipo akulankhula. Anati amuuza zonse: kuti anapita ndi matayalawo kwa achimwene, achimwene anakana kuwaika, ndipo iwo mwa liuma lawo anakawaikitsa ku galaja ina. Anati amuna ake apempha kuti awapepesere chifukwa chosamvera. Kenako anathokoza mchimwene wake chifukwa chosunga lonjezo, nati sakudziwa kuti akanatani akanakhala kuti alibe mbale kuno.

A Yakobe anamvetsa zimene mlamu wawo anachita. Munthu wogona pa bedi, dzanja litafa, anali atawakonzera pothawira, ndipo panalibe wina amene akanaulula. Chimene chinkafunika kwa iwo chinali kungokhala chete.

"Elinah, zimenezo si zoona. Matayalawo ndinaika ndine."

M'foni munkamveka phokoso la trole ya odwala ikudutsa m'khonde la chipatala.

"Munkadziwa kuti ndi oipa?" anafunsa Elinah.

"Ndinkadziwa."

"Nanga munawauza chiyani?"

"Ndinawauza kuti zikanakhala za ine, ndikanaganiza kaye."

"Basi?"

"Basi."

Elinah anati chabwino, achimwene, nadula foni.

A Lumbani anatuluka m'chipatala mu Malichi, akuyenda ndi ndodo. Madokotala anati opaleshoni ina ingathandize chigongono kupindika, koma zala sizidzagwiranso sipanala. Mu Meyi Elinah anasiya ntchito, ndipo banjalo linabwerera ku Lusaka kukakhala pamodzi ndi ana. A Yakobe anamva za tsiku la ulendowo kwa munthu wa kutchalitchi, ndege itanyamuka kale.

Akadali ku Al Quoz, m'galaja yomweyo. Anzawo akunena kuti ntchito yawo sinasinthe, kupatula kuti amafika msanga ndipo sadyanso nawo pamodzi masana. Analembera mlongo wawo makalata awiri, ndipo ine ndinawathandiza kukonza mawu a kalata yachiwiri, koma yankho silinabwere. A Lumbani okha ndiwo amalankhula nawo. Popeza kulemba ndi dzanja lamanzere kumawavuta, amatumiza mauthenga a mawu Lamlungu lililonse, akadali kuwatcha alamu, ndipo nthawi zina amawakalipira chifukwa choononga bodza limene iwo analikonza bwinobwino. A Yakobe amamvetsera uthenga uliwonse kangapo. M'mauthenga ena mumamveka mawu a Elinah chapatali, akuitana mwana kapena akufunsa za mankhwala, koma kufikira lero sanatengepo foniyo kuti apereke moni.