Mpando wa Mwendo Umodzi wa Apongozi Anga

Mboni zanga ndi izi: mkazi wanga, amene sanandiikirepo kumbuyo pa bodza, mlamu wanga wowotcherera zitsulo ku mgodi wa ku Bindura, ndi phewa langa lamanzere, lomwe mpaka lero ndi lotsika kuposa linzake. Wokayika abwere ndi chingwe adzayeze.

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka mwala unawaphwanya bondo. Mwendo unapola, koma unauma gwa, osapindikanso. Kuyenda ankayenda bwinobwino. Koma akakhala pansi, kuwadzutsa kunkafuna amuna awiri ndi pemphero.

Zaka zimenezo, dziko lino la oyankhula Chishona litangolandira ufulu, mpingo wathu wa ku Chiwaridzo, ku Bindura konko, unkapita ku msonkhano wa misasa pa famu ina cha ku Shamva, mvula isanayambe. Lole inkatisiya pamsewu, kotsalako wapansi, katundu kumutu, kukagona m'misasa ya udzu. Apongozi ndiwo ankayambitsa nyimbo zachichewa zakale, zomwe ana athu okulira m'Chishona ankangodziwa kuvomera. Koma kumeneko tinkakhala pansi, ndiye apongoziwo ananena poyera kuti popanda chokhalira sadzapitanso.

Ndinawagulira mpando wopinda m'tauni, wansalu ndi timapaipi, wopepuka moti mphepo ikawomba tinkauyika mwala. Titafika anautambasula, n'kukhalapo ngati bwana. Asanatsegule pakamwa, anatulukira mkulu wina wa ku Wadzanai, wamkulu kwa iwo pa zaka, pa mimba ndiye osanena. Kwathu munthu sukhala pampando wamkulu ali pansi. Apongozi ananyamuka.

"Khalani apa, achimwene."

Mkuluyo anakhala. Mpando unapindika iye ali momwemo. Tinamutulutsa ngati tikusenda nthochi, ndipo paipi imodzi sitinaipeze mpaka lero.

Chaka chotsatira mlamu wanga anati za m'sitolo n'zoseweretsa ana. Anatola zitsulo zotha ntchito zobowolera miyala n'kuwotcherera mpando. Kupinda unkapinda, mukagwirizana anthu atatu. Titaukweza, lole inapendekera mbali imodzi mpaka ku Shamva. Wosenza ndinali ine, poti mkamwini sakana.

"Akamwini, ukulemera?" anafunsa apongozi tili pachitunda.

"Ayi bambo, ndikungomva ngati ndasenza mgodi wonse."

"Chabwino. Ndimaopa kuti mwina ukulemera."

Mpando umenewo sunathyoke, ndipo sudzathyoka. Vuto linali ubwino wake. Kunabwera abusa achilendo, apongozi n'kuwapatsa. Abusa akanyamuka kukalalikira, pankakhala mkulu wa ku Wadzanai uja. Msonkhano wonse apongozi anaimirira chotsamira mtengo. Pobwerera bondo linali litatupa ngati dzungu, ndipo nyimbo anali atangoyambitsa imodzi yokha. Titafika kunyumba anati, "Basi, ana aziimba zawo."

Ndinawauza kuti ulendo wina asadzapereke mpando. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti adzapite osavala.

Mkazi wanga ndiye anaona pamene panali nkhani. "Inu mukufuna mpando wolimba. Bambo akufunika mpando woti munthu wina sangaufune."

Mlamu anadula chitsulo chimodzi chofika m'chiuno mwa bambo ake, pamwamba n'kuikapo kathabwa kokutidwa ndi lamba wakale wa makina, pansi kachitsulo kafulati kuti kasamire m'dothi. Mwendo umodzi basi. Apongozi akatsamirapo, mwendo wawo wouma uja unkagwira ntchito ya mwendo wachiwiri wa mpando, wabwinowo wachitatu. Panjira unali ndodo. Anauyesa pabwalo, ndipo m'mawa wa ulendo tinawapeza atakwera kale lole.

Ku misasa mkulu wa ku Wadzanai anafika monga mwa nthawi zonse. Apongozi ananyamuka, n'kupereka ndi manja awiri.

"Khalani apa, achimwene."

Mkuluyo anauyang'ana kumwamba ndi kunsi. "Miyendo inayo mwaiwala m'lole?"

"Ndi womwewu. Wamakono."

Anakhalapo. Ndikulumbira, anazungulira pang'onopang'ono ngati chitseko, n'kupereka moni kwa amayi, kwa achinyamata, kwa ophika, mpingo wonse osaphonya ndi mmodzi yemwe, kenaka n'kukatera mwaulemu pa udzu.

"Aphwanga," anatero ali pansipo, "tengani chinthu chanu. Ine pano ndakhala bwino."

Abusa nawo anapatsidwa. Anathokoza kwambiri, n'kunena kuti msana wawo umakonda mphasa.

Apongozi anazika mpando wawo m'dothi, n'kutambasula mwendo, n'kukonza kukhosi. Tsiku limenelo anayambitsa nyimbo mpaka ophika anabwera kudzadandaula kuti ndiwo zikuzizira. Anapitanso ku misasa zaka zonse zimene anakhala ndi moyo, ndipo chaka chilichonse mpandowo ankaupereka kwa akulu ndi manja awiri, nkhope ili phee. Palibe anaulandiranso.