Kabowo ka M'bafa la a Manejala

Ndinakulira ku Nchilamwela, kumene bafa ndi mpanda wa udzu, mwala wopondapo ndi ndowa. Koma a manejala a pa esiteti atafunsa ngati ndingamate m'mbali mwa bafa lawo lachizungu losamba chogona, poti madzi ankalowerera kukhoma, ndinayankha ngati ndinabadwiramo: "Bwana, imeneyo ndiye ntchito yanga." Chonsecho ine ndi kalipentala wokhoma mabokosi a tiyi.

Ndinagula silikoni womatira ku Luchenza, ndinamata bwinobwino n'kusalaza ndi chala. Ndikumaliza, ndinaona kabowo chakumtunda kwa bafalo, kunsi kwa mpope. Kwathu ndowa ikabooka timaimata ndi phula. Ndinapukusa mutu: azungu ndi nzeru zawo zonsezi, kumagulitsa anthu bafa lobooka! Ndinakatseka kuti ndi, popanda wondituma, n'kudziyamikira ndekha.

Lamulungu madzi anasiya, monga amachitira kuno. Akazi a bwana anatseka potulukira madzi n'kusiya mpope wotsekula kuti madziwo akabwera adzaze bafalo, podalira kuti osefukira atulukira pa kabowo kaja. Pochokera kutchalitchi, masilipasi awo anawachingamira pakhomo akuyandama.

Mayiwo anandiitanitsa. "A Namaona, kabowo aka watseka ndani?"

Ndinagwada n'kukayang'anitsitsa ngati mlendo, chidindo cha chala changa chili pomwepo. "Mayi, silikoni wa masiku anoyu amayenda yekha."

Sanandichotse ntchito, anangondibwezera ku mabokosi anga. Koma mundimvetse: m'mbali momwe ndinamata muja simunadonthe ngakhale pang'ono. Madzi onse anadzera pamwamba.