Khoma la Lucy

Mlongo wanga Lucy ndi munthu wa manja. Sukulu anailekezera Sitandade 5, koma mukafunsa kwathu kufupi ndi Kachebere kuti ndani amadziwa kuzira nyumba, aliyense akulozerani kwa iye. Dothi lakuda amakalitenga kudambo, lofiira kuchulu, n'kulisefa ngati ufa. Akapaka khoma limasalala moti umachita manyazi kutsamirapo. Ine ndine Benedicto, mchimwene wake. Ndimapalasa kabaza pa Kamwendo, ndipo ndine nkhoswe ya banja lake. Banja limenelo ndi limene latha, ndipo nkhani yake imandipsetsa mtima mpaka lero.

Mwamuna wake, alamu anga a Rodrick, anabwera pamudzi pathu ngati mkamwini zaka zinayi zapitazo. Chaka choyamba ankalima, ndisaname. Kenako anagula foni ku Chipata, khasu n'kuyamba dzimbiri. Anapeza gemu ya pa intaneti yolima munda pafoni. Kudzala, kuthirira, kukolola, zonse ndi chala. Ukakolola, gemuyo imakupatsa makoini a kripito, ndalama zosagwirika zongokhala pa intaneti, zimene akuti munthu wina ku Chipata amazisintha kukhala makwacha. Koma kuti uyambe, umagula kaye munda wa m'gemumo ndi makoini omwewo. Mbuzi ziwiri za Lucy zinathera pamenepo.

Tangoganizani. Bambo wandevu zake tsiku lonse ali pachulu, poti ndi pomwe netiweki ya ku Zambia imagwira, akupalira mtedza wapagalasi, uku mkazi wake akupalira mtedza weniweni, mwana ali kumsana. Ndikawafunsa ankandiseka. "Alamu, inu zingotulukani thukuta panjingapo. Ife tikulima zamakono."

Makoiniwo ankakhala m'chikwama cha pafoni, chimene kiyi wake ndi mawu khumi ndi awiri a Chingerezi. Foni ikatayika, mawuwo ndi amene amatsegula chikwamacho pafoni ina. Ukawataya basi, palibe ofesi yokadandaulako. A Rodrick sanafune kuwalemba papepala, ati wina angapichirire fodya. Ndiye anachita zomwe amuna akwathu timachita ndi manambala a foni: anatola khala n'kulemba pakhoma, kuseri kwa chitseko, cham'munsi. Mkazi wawo sanamuuze kanthu. Ankati za kripito mkazi sangazimve.

Mu Julaye kunali ubatizo wa mwana wawo, Mwai. Kutatsala masiku atatu ndinapita kukawaona, ndipo pakamwa pangapa ndi pamene panalakwa. Ndinaona khoma lili bii ndi utsi, kuseri kwa chitseko kuli zokhwatchakhwatcha, ndiye ndinamuseka mlongo wanga. "Lucy, alendo akutchalitchi adzakhala m'khola muno? Manja ako aja anapita kuti?" M'mawa mwake, a Rodrick ali kuchulu kwawo, Lucy anazira nyumba yonse. Anapaka kawiri chifukwa ndinamuchititsa manyazi.

A Rodrick anadya m'nyumba imeneyo, kuchereza alendo, kugonamo masabata atatu, osaona n'komwe kuti khoma lasintha. Munthu wotani ameneyo? Anadzaona tsiku limene anawasolola foni pamsika wa Kamwendo. Anabwereka foni ya mnzawo, kuthamangira kunyumba, kukankha chitseko. Khoma lili see, lokongola.

Anandiitanitsa ngati nkhoswe. Ndinapeza a Rodrick atamanga kale chikwama cha zovala.

"Mlongo wanuyu wandipha," anatero. "Chuma changa chonse wachikwirira ndi matope."

Lucy anali atakhala pansi, Mwai ali pamiyendo. "Bambo a Mwai, mukanandiuza. Ine ndimayesa ndi ana anajambulapo."

Apa ndiye ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Alamu, munthu mukugona naye mphasa imodzi, mbuzi zake munagulitsa, mtedza wake mukudya, koma chinsinsi chanu mwauza khoma? Mulibe manyazi inu?" Unkhoswe sayankhula choncho, ndikudziwa. Nkhoswe imayenera kuziziritsa nkhani. Ine ndinathirapo mafuta.

Ananyamula chikwama. Ali pakhomo anatembenuka n'kuuza Lucy, osati ine, "Ndidzabwera mawu angawo akadzapezeka."

Mawu amenewo ndi amene sindidzawakhululukira, chifukwa Lucy anawatenga ngati lonjezo. Kuyambira tsiku limenelo, akangochoka kudimba amagwada kuseri kwa chitseko ndi supuni ndi kansalu konyowa. Amanyowetsa pang'ono, kudikira, n'kupala dothi lake lomwe pang'onopang'ono kuti khala lapansi lisafufutike. Ntchito imeneyo palibe wina angaithe, koma manja akewo. Chingerezi sawerenga. Chilembo chikaoneka amachijambula mmene chilili, pachikuto cha buku la sikelo la Mwai. Pofika Okutobala anali atapeza mawu asanu ndi awiri.

Sabata yatha ndinanyamula mayi wina wakwathu wa geni yodutsa malire. Tikucheza m'njira anandiuza kuti a Rodrick amawaona ku Chipata. Ali ndi foni ina, gemu ina, ndipo akukhala ndi mkazi wogulitsa mayunitsi. Gemu yakale ija akuti sakuitchulanso n'komwe.

Ndinapalasa njinga mpaka kumudzi osaima. Ndinamupeza Lucy pamalo ake omwewo. Khoma lija, limene azimayi ankabwera kudzaonera, lili zibowo zokhazokha ngati lajomphedwa ndi nkhuku, ndipo mvula yayandikira. Ndinamuuza zonse, osabisa kanthu. Ndinati aleke, azire khoma lake, munthu uja sabweranso.

Sanalire. Ananyika kansalu m'madzi, kukafinya, osandiyang'ana.

"Atsala asanu, achimwene," anatero. "Tasunthani, mukunditchingira kuwala."