Tambala Amene Ndinazinga Ndekha

Agogo anga ndimawakumbukira ndi mphuno. Ndikangodutsa pamene anthu akuwamba nsomba, utsi wa nkhuni zaziwisi utasakanikirana ndi mafuta a mcheni odonthera pamakala, ndimawaona atagwada pa uvuni wawo kuseri kwa nyumba, kumudzi kwathu cha ku Makanjira, akutembenuza nsomba imodziimodzi pa waya ndi zala zosaopa moto, misozi ya utsi ikutsika m'masaya, pakamwa pakutuluka nyimbo ya kutchalitchi imene ankaiphonya mawu tsiku ndi tsiku. Utsi umenewo ndi umene unawadya maso. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, iwo zambiri ankaziona ndi manja.

Mudzi wonse unkawatchula Abiti Jafali, koma iwo ankakonda dzina lawo la ubatizo, Esitere. Anabadwira m'banja la Chisilamu ngati pafupifupi aliyense kumudziko, ndipo analowa Chikhristu atakwatiwa ndi agogo aamuna, munthu wochokera ku Mozambiki. Agogo aamunawo sindinawaone, anamira ndi bwato ndisanabadwe. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, bambo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Tinatsala awiri m'nyumba yodontha. Koma munthu akawalonjera, yankho lawo linali limodzi: "Ndili bwino, ndine wodalitsika." Ine mawu amenewo ankandinyansa. Ndinkayang'ana beseni lotchera mvula pakati pa nyumba n'kumadzifunsa kuti nanga otembereredwa amakhala bwanji.

Agogo anali ndi mlongo wawo wamkulu, Che Amidu, amene ankakhala tsidya la mtsinje, ulendo wosakwana ola limodzi. Tsiku limene agogo anabatizidwa, Che Amidu analumbira kuti sadzadyanso cha m'mbale mwawo, poti Akhristu, malinga ndi iwo, amadya chilichonse chimene chafa. Akakumana pamaliro ankapatsana moni wa anthu okumana m'basi. Zimenezi zinkawapweteka agogo kuposa maso aja, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawamva akupemphera chinthu chimodzimodzi: "Ambuye, achimwene adzadye pakhomo panga ndisanafe."

Sankangopemphera ayi. Nkhuku iliyonse ya pakhomo pathu inkazingidwa ndi Msilamu, Che Lajabu, amene tinayandikana nawo. Iwowa ankalozetsa nkhuku mbali imene amayang'ana popemphera, n'kutchula dzina la Mulungu, n'kucheka pakhosi mosamala, mutu osauchotsa. Agogo analinso ndi poto wapadera amene sanaphikirepo mbewa kapena china chilichonse chimene Asilamu amati ndi haramu. Khirisimasi iliyonse ankaphika mpunga ndi tambala n'kutumiza uthenga tsidya lija, ndipo Khirisimasi iliyonse tinkadikira mpaka mpunga kuzizira, kenako n'kudya awiri.

"Agogo, alendo anu aja afika, ndiwayalire pati?" ndinkawaseka choncho.

"Seka, Naomi," ankatero. "Tsiku lina udzawathirira madzi m'manja."

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, anandisankha kukhala mngelo pa sewero la Khirisimasi kutchalitchi kwathu, kanyumba kaudzu ka anthu ochepa. Kwa ine, mwana wovala diresi limodzi sabata yonse, chinali chinthu chachikulu kwabasi. M'mawa wa tsikulo agogo anandipatsa tambala wofiira atamumanga miyendo ndi luzi, kuti ndikazingitse msanga. Kwa Che Lajabu ndinapeza akazi awo okha akusesa.

"Abambo akwera lole dzulo, apita ku Mangochi," anatero. "Pita kumzikiti, ukawapeza amwalimu akakuzingira."

Kumzikiti kunali kutali, njira yake matope okhaokha chifukwa mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo limu ya galimoto imene inali belu la kutchalitchi inali italira kale kamodzi. Ndinaima panjira tambala ali m'khwapa. Ndinadziuza kuti munthu amene tikumuvutikirayu sabwera, sanabwerepo, ndipo sadzabwera. Ndinapatukira kuseri kwa mathandala oyanikirapo usipa, ndinatola mpeni wopalira nsomba umene wina anausiya, ndinaponda mapiko ndi miyendo monga ndinkaonera ena akuchita, n'kucheka nditatsinzina. Chifukwa cha mantha ndi changu, mutu unadukiratu. Ndinauponya m'tchire.

Agogo analandira tambalayo n'kumupapasa kuyambira kumiyendo, ndipo zala zawo zitafika pakhosi zinaima.

"Mutu uli kuti?"

"Galu wa kwa Che Lajabu wandilanda."

Analozetsa nkhope kumene kunkachokera mawu anga. Kenako anati, "Pita ukasambe, uchedwa." Ndinathamanga ndikudziyamikira kuti ndine wochenjera. Sewero linayenda bwino, ndinafunda nsalu yoyera ya patebulo, mawu anga sindinaphonye ngakhale amodzi, ndipo amayi a mpingo analuluta.

Masana dzuwa litatuluka, nthaka ikufuka nthunzi, ntchentche zikuzungulira mango akugwa, tinamva "Odi!" kumaso kwa nyumba. Panaima munthu wamtali, wa mkanjo woyera wonyowa mpaka m'mawondo, chisoti kumutu, ndodo m'manja, woonda mpaka makutu kuoneka aakulu. Agogo anangomva mawu okha, chipande chinagwa pansi.

"Achimwene?"

"Ndine, chemwali. Mtsinje wadzaza, koma ndawoloka."

Sindinawaonepo agogo atasokonezeka ngati tsiku limenelo. Analowa m'nyumba, anatuluka, analowanso, kenako anabwera ndi mkeka umene tinkausunga kudenga. Ine ndinagwada n'kuwathirira Che Amidu madzi m'manja ndi jagi. Agogo anapakula mpunga, anathira msuzi pamwamba, anaikapo ntchafu ndi nthutumba, chiwalo cha mlendo wolemekezeka. Bodza langa ndinali nditalikonza kale pakamwa, ndinkangodikira funso. Koma funsolo silinabwere.

"Sindifunsa kuti wazinga ndani," anatero Che Amidu. "Lajabu amandiuza chaka ndi chaka kuti nkhuku zako zonse zimadutsa m'manja mwake. Ndaumitsa mtima nthawi yaitali, chemwali."

Mtima wanga unakhala pansi. Panalibenso chofunika kunama, kunangofunika kukhala chete. Ndinayang'ana agogo. Anali atazyolika, manja ali pamiyendo. Che Amidu anatchula dzina la Mulungu, anatapa mpunga wa msuzi, anauumba m'dzanja pang'onopang'ono monga amachitira okalamba, ndipo dzanja linayamba kukwera. Apo agogo anatambasula mkono, anapapasa m'malere mpaka anagwira mkono wa mlongo wawo.

"Achimwene, musadye. Nkhukuyi sanazinge Lajabu."

Che Amidu anabwezera mpunga uja m'mbale. "Wazinga ndani?"

"Yafera m'manja mwathu mom'muno," anatero agogo. Dzina langa sanalitchule.

"Ndiye umadziwa, n'kundisiya ndisambe m'manja?"

"Ndimadziwa. Ndimafunitsitsa mudye, achimwene. Khalani pansi, ndikuphikirani mpunga wina, ndikuwotcherani mcheni, sizichedwa."

"Zaka zonsezi umandiitanira zimenezi?"

Anatenga jagi m'manja mwanga n'kudzithira okha madzi, anasamba nthawi yaitali, chala chilichonse pachokha. Kenako anatola ndodo yawo. Agogo anawatsatira mpaka kumsewu akupunthwa m'mizu ya mango, akuitana m'Chiyao mawu amene ambiri sindinawamve, koma mkanjo woyera uja sunacheuke.

Chakudya chija palibe anachikhudza. Ndinadikira mkwapulo, sunabwere, ndipo kusabwera kwakeko kunandipweteka koposa. Potsiriza ndinakawagwadira agogo pakhonde ndi kuulula zonse ndikulira.

"Ndinadziwa m'mawa muja," anatero. "Lajabu sadula mutu. Ndinati ndisakuwonongere tsiku lako. Ndikanatha kugwira nkhuku ina n'kupita nayo ndekha kumzikiti, koma sindinapite. Nanenso, mwana wanga, ndimapempha chabe. Sindimakhulupirira kuti abwera."

Tsiku lotsatira anatumiza uthenga wopepesa tsidya lija. Sabata yotsatira anatumiza wina, pamodzi ndi nsomba zowamba zabwino kwambiri zimene anali nazo. Nsombazo zinabwerera mmene zinapitira, zili zomangamanga.

Pasanathe miyezi iwiri Che Amidu anamwalira. Ndi pamaliro pamene tinamva kuti kuchipatala anali atawabweza kale kuti akadikirire kunyumba, ndipo ulendo wa Khirisimasi uja, wowoloka mtsinje wodzaza ndi ndodo, unali wodzatsazika. Amuna ananyamula thupi kupita kumanda, akazi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo wawo. Agogo anakhala kumapeto kwenikweni kwa mkeka, palibe anawathamangitsa, palibenso anawayankhula.

Pobwerera, tili pakati pa mtsinje, madzi ali m'chiuno, nditawagwira dzanja, mkwiyo unandikwera. Ndinkadzida ndekha, koma ndinaulozetsa kwa iwo.

"Agogo, mukanangokhala chete! Akanadziwa bwanji? Akanadya, akanapita ndi mtima woyera, inunso mukanasangalala. Mdalitso umene mumanena uja ndi umenewu?"

Tinafika pamtunda. Anakamula chitenje chawo, anakhala pamchenga.

"Ndikanakhala chete, akanadya ndi munthu wonyenga, osati ndi mlongo wawo," anatero. "Iwo anabwera atandikhulupirira. Ndikanawadyetsa chimene amachiopa pamaso pa Mulungu, ine ndikanagwada bwanji mawa lake? Ndinapempha kuti afike adzadye pakhomo panga, anafika, anakhala pamkeka panga. Zotsalazo ndikamufunsa Mwiniwake ndikakafika."

Atatero analira kulira kumene sanalire pamaliro paja, mokweza, ngati kamwana, ndipo asodzi amene ankasoka ukonde chapafupi anayang'ana kumbali. Kuyambira pamenepo pemphero lawo la m'mawa linafupika. Ankafika pamene ankatchula achimwene awo, n'kukhala chete, kenako n'kupitiriza ndi dzina langa.

Agogo anamwalira ndili kusekondale. Lero ndimakhala ku Mangochi m'tauni, ndimasoka zovala, ndili ndi ana atatu, ndipo Lamulungu sindijomba kutchalitchi. Anzanga akaimirira kuchitira umboni za madalitso, uyu malata, uyu ntchito, uyu njinga yamoto, ndimaomba nawo m'manja, chifukwa ndi zabwino ndithu. Koma ine munthu amene ndinamuona atayandikana ndi Mulungu kuposa onse sanapatsidwe chinthu chimodzi chokhacho chimene anachipempha moyo wake wonse, ndipo anachikankha yekha chili pafupi kulowa m'manja.

Zoti ndinalanda nkhalamba ziwiri chakudya chawo chomaliza chifukwa cha sewero, ndinalapa kalekale, ndipo ndikhulupirira kuti ndinakhululukidwa. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi china. Ndakula, ndimavala yunifolomu ya amayi a mpingo, ndimatsogolera mapemphero m'makomo mwa anthu. Koma ndikadziika pamalo pa agogo, mlongo wanga atakhala patsogolo panga, dzanja lake likupita kukamwa, ndimadzidziwa bwino. Ine ndikanamusiya adye.